Munthu wa Lachitatu ndi Ndodo za Amuna Anga

1

Ngati munamvapo kuti mkazi wa a Mchenga anagwidwa ndi chibwenzi, mkaziyo ndine. Nkhope sindibisa. Nkhaniyi yazungulira m'masaluni ndi m'maofesi, ena aithira mchere, ena tsabola, ndiye ndaona kuti mwiniwake ndiikambe ndekha anthu asanandipatse mimba pa zaka 49 zangazi.

Amuna anga ndi bwana pa kampani ina ya inshuwalansi. Dzina loti a Mchenga anawapatsa ndi anzawo a ku gofu, chifukwa mpira wawo ukangonyamuka umakafunafuna mchenga ngati nkhuku yofuna kusamba fumbi. Kwa inu amene simunapondepo pa bwalo la gofu, masewerawa ali chonchi: pali maenje 18, ndipo umamenya kampira ndi ndodo mpaka kalowe m'dzenje lililonse. Wopambana ndi amene wamenya maulendo ochepa. M'njiramo anaikamo dala madziwe, mitengo ndi malo okumbika odzaza mchenga, zoti zikusokoneze. Wodziwa amamaliza bwalo lonse atamenya ka 80 kapena kucheperapo. Amuna anga, zaka 11 akusewera, anali asanatsikepo pa 100.

Loweruka lililonse ankabwerako nkhope ili ndwii. Chikwama cha ndodo ankachiponya mu galaja, nsapato imodzi pakhomo, ina pansi pa tebulo. Wolakwa sankasowa. Lero mphepo, mawa dzuwa, koma kawirikawiri anali anthu osamalira bwalo.

"Anthu otchetcha aja ndi mbuli," ankatero uku akuvula sokosi. "Munthu sanaione sukulu, angadziwe bwanji za udzu wa gofu? Amangometa ngati akumeta mutu wa mkaidi."

Ine ndinkangoti, "Pepani, bambo," n'kupita kukawaikira madzi osamba. Zaka 24 za banja zinali zitandiphunzitsa kumeza mawu osatafuna.

2

Tsiku lawo lobadwa litayandikira ndinalowa m'sitolo ya zamasewera, ndikuganiza zowagulira chipewa. Mayi wogulitsa atamva dandaulo langa anatulutsa kakatoni kakang'ono. M'katimo munali timabatani 14 tonga zotsekera mabotolo, ndi kabokosi kakuda kofanana ndi ka machesi.

"Batani lililonse mukalimange kumapeto kwa chogwirira cha ndodo," anandifotokozera. "Kabokosika mukakapachike pa chikwama. Ndodo ikangomenya mpira, iko kalemba: ndodo iti, pamalo pati, nthawi yanji, mpira wapita mamita angati. Kakayandikira foni kamatumiza zonse, mpaka mapu a mmene munthu wayendera. Ukatero umadziwa pamene ukulakwitsa, osati kumangoganizira."

"Sikanama?"

"Mayi, aka sikadziwa kuti uyu ndi bwana."

"Ndiye kakulungeni," ndinatero. "Kwathu kakufunika."

Amuna anga anakondwa nayo mphatsoyo, makamaka poti anzawo awiri anali nazo kale. Koma zomanga ndi zolumikiza anandisiyira ine. "Inu ndi amene mumatha za mafoni," anatero. Zinali zoona. Ndisanakwatiwe ndinali mlembi mu ofesi yawo, ndipo mawu achinsinsi otsegulira chilichonse m'nyumba muja ndinkasunga ndine. Ndinaika pulogalamuyo pa foni yawo, ndinaikanso pa yanga kuti ndiziwathandiza ikavuta.

Masana onse ndinakhala mu galaja. Ndodo iliyonse inkafunika kuimanga batani, kuionetsa ku foni, n'kuiuza foniyo dzina lake. Nditafika pa ndodo ya nambala 7, chogwirira chake chili m'manja mwanga, ndinakumbukira munthu wina. Munthu amene ndinamudziwa kalekale amuna angawa ndisanawaone, amene ndinamusiya dala kuti ndilowe m'banja la anthu ophunzira. Zaka 26 ndinali ndisanamutchule pakamwa. Ndinakhala pa chitini cha penti n'kulira. Misozi itatha ndinatsala ndi mkwiyo, ndipo ndinkadziwa kumene ndingakamupeze.

Loweruka lotsatira amuna anga anakayesa chida chawo. Anabwerako akunena kuti amenya ka 101. Foni inati 108. Iwo ankauza aliyense kuti ndodo yawo yaikulu, imene anthu a gofu amaitcha dalaiva, imaponya mpira mamita 220. Foni inati 165.

"Kachinthu aka n'kabodza," anatero. "Anakupusitsani ku sitoloko."

Kuyambira tsikulo pulogalamuyo sanaitsegulenso. Timabatani ndi kabokosi anangozisiya pomwepo, chifukwa zinkawapatsa ulemu anzawo akamaziona.

3

Lachitatu m'mawa, galimoto yawo itangotuluka pageti, ndinanyamula chikwama cha ndodo chija n'kuchiika m'galimoto yanga. Sindinapite ku kalabu yawo ya mabwana. Ndinalowera kuseri kwa mafakitale, kudutsa njanji, kumene kuli bwalo lakale la gofu limene anthu ngati amuna anga amalitcha busa la ng'ombe.

Pa dzenje loyamba pamakhala mdala wina woyang'anira anthu oyamba kusewera. Onse amangomuti Mdala wa Mbendera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira ku nsapato mpaka kumutu.

"Ndinkadziwa kuti udzabwera kudzamufuna," anatero.

"Akadalipo?"

"Angapite kuti? Ali pomwe unamusiya."

Dzina la munthuyo ndikuuzani nthawi yake ikakwana. Amuna anga anadikira, inunso mudikire. Pakadali pano timutche munthu wa Lachitatu. Ndodo zakezake analibe, n'chifukwa chake ndinkamutengera za amuna anga.

Tsiku loyambalo anamenya ka 94. Manja anali atauma, msana ukudandaula. Koma kusiyana kwake ndi amuna anga kunali kwakuti iye sankakangana nako kabokosi kaja. Madzulo ndikuphika, ndinkatsamiritsa foni yanga ku botolo la mafuta n'kumamuwerengera manambala. Iye ankaganiza kuti vuto lake ndi kuponya patali. Mapu anaonetsa kuti ayi, patali akutha, koma akatsala ndi mamita 30 kuti afike pa mbendera yosonyeza dzenje ndi pamene amataya maulendo 11 pa tsiku. Ankaganiza kuti nambala 7 imamufikitsa mamita 140, koma kabokosi kanati 126, n'chifukwa chake mipira yake inkaperewera. Kanaonetsanso kuti kuyambira dzenje la 13, akatopa, mpira umathawira kumanja.

Ndiye anasiya kumenya mwachisawawa. Akafika, theka la ola loyamba ankalithera pafupi ndi mbendera, kumenya timipira tapafupi mpaka mdala uja kutopa kuonerera. Manambala anayamba kutsika: 89, 86, 86 kachiwiri, 83. Lachitatu lachisanu ndi chinayi anamenya ka 79.

Isanakwane 2 koloko chikwama chinkakhala chitabwerera mu galaja, chitatsamira khoma mmene mwiniwake anachisiyira. Ndodo ya mumchenga, imene munthu wanga sankaifuna kawirikawiri, ndinkaipaka dothi pang'ono kuti isaiwale mwiniwake.

Woyamba kununkhiza anali alamu anga, achemwali awo a amuna anga. Tonse timawatcha Ahedi, chifukwa ndi mphunzitsi wamkulu ndipo ngakhale pa chakudya amayankhula ngati ali pa asembule.

"Mulamu, masiku ano mukuwala bwanji?" anandifunsa tsiku lina atandipeza ndikuimba pochapa. "Nkhope yada ndi dzuwa koma maso akuseka. Mwapeza mankhwala anji?"

"Ndikumayenda wapansi, alamu. Kuwongola miyendo basi."

"Ehe," anatero Ahedi, n'kundiyang'ana ngati mwana wobwera ndi kalata yabodza ya kuchipatala.

Mundiweruze mmene mungafunire. Masiku asanu ndi limodzi ndinkakhala mkazi wa bwana, koma Lachitatu ndinkakhala wamoyo.

4

Loweruka lina amuna anga anabwerako akuimba mluzu. Nsapato anavula bwinobwino n'kuziika pamodzi. Ndinadziwiratu kuti pali chinachake.

Anandifotokozera tili pa tebulo. Mnzawo wina, a Dokotala, anatenga foni ya amuna anga ku kalabu n'kutsegula malo amene amalola kuti anzako aziona zotsatira zako. Malo amenewo ine sindinkawadziwa n'komwe. Nthawi yomweyo mafoni a gulu lonse analira, ndipo onse anaona: a Mchenga, Lachitatu, 79.

"Anachita kundinyamula, mayi," anatero amuna anga akuseka. "Akuti, 'A Mchenga, kani mumazemba ku ntchito kukanola mobisa?' Ine ndinangoti kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Simunakane?"

"Ndikane chiyani? Kachinthu kanu kaja kapenga, koma kapengera kwabwino. Andiika mu timu ya anthu anayi yokapikisana ndi makalabu ena mwezi wamawa."

Zaka 11 munthuyu ankailota timu imeneyo, ndipo anailowa ndi thukuta la munthu wa Lachitatu osafunsa n'komwe kuti lachokera kuti.

Kufunsako kunabwera mawa lake. Titadya nkhomaliro anavala magalasi awo n'kukakhala pakhonde kuti asirire 79 yawo. Ndinkawaona pawindo la kukhitchini. Chala chinkayenda pa foni, chinkayenda, kenako chinaima. Anali atatsegula mapu. Mapuwo ankaonetsa masiku asanu ndi anayi, onse Lachitatu, onse pa bwalo la kuseri kwa njanji, pa nthawi imene iwo amakhala pa msonkhano wa mabwana. Ngakhale iwo anaona kuti chida chopenga sichingamasankhe tsiku limodzi lokhalokha.

5

Lolemba poweruka anabwera ndi Ahedi. Mapepala anali atasindikiza ku ofesi, ena atawadula mizere yofiira. Anawayala pa tebulo la pabalaza mmene amayalira a munthu amene akumukayikira kuti anaotcha yekha galimoto yake.

"Khala pansi," anatero amuna anga. Zaka 24 anali asananditchulepo kuti iwe.

Ndinakhala.

"Ndodo zanga zimatuluka m'nyumba muno Lachitatu lililonse. Makiyi a galaja tili nawo anthu awiri. Ukukana?"

"Sindikukana."

"Taona apa. Dalaiva, mamita 204."

Ahedi anagwira pachifuwa. "Dalaiva? Achimwene, ndiye kuti ndi dalaiva? Mulamu, amuna onsewa, mwasankha kutinyoza ndi woyendetsa minibasi?"

"Achemwali, dalaiva ndi ndodo," anatero amuna anga.

"Kaya ndi ndodo kaya ndi chiyani, ine za kuchipinda sindikufuna kumva."

Ndinaseka. Sindinafune, koma kuseka kunangotuluka kokha, ndipo amuna anga anapsa mtima mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera.

"Ukuseka? Ine ndine mwamuna, ndimafika 165. Munthu woponya 204 ndi mwamuna wamapewa, wamphamvu zake. Ukumutengera ndodo zanga, pa galimoto imene ndinakugulira ine, kuti azikasewera. Mukamaliza mumapita kuti? Ndi ndani ameneyu?"

Ndikanatha kuuzimitsa motowo ndi mawu awiri okha. Koma ndinawayang'ana m'maso, ndikudikira kuti mwina aganiza okha, mwina kwa kamphindi kamodzi adzifunsa funso lina. Anayang'ana mapepala, anayang'ana kudenga, anatchula amuna atatu, mpaka makanika wathu wa dazi uja. Funso lija silinawafike.

"Munthuyo ndinamudziwa inu musanabwere," ndinatero. "Ndipo sindimusiyanso."

Ahedi anaimirira. "Mwamva nokha, achimwene. Ndinakuuzani kalekale kuti mkazi wosadziwika kwawo ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Umutchule, apo ayi ulongedze," anatero amuna anga.

"Lachitatu, 8 koloko m'mawa, pa dzenje loyamba la bwalo lomwelo. Mubwere nonse awiri. Mukamuona ndi maso anu."

Ahedi sanadikire Lachitatu. Pofika Lachiwiri masana nkhani inali italowa pa gulu la pa foni la banja lonse, azakhali, asuweni, mpaka apongozi a asuweni. Madzulo ake mwana wathu wamkazi, amene ali ku koleji, anandiimbira.

"Amayi, zimene akulemba azakhalizi n'zoona?"

Apo ndi pamene ndinamva kuwawa kwenikweni. Banja kugwedezeka ndikanapirira, koma kuti mwana wanga azindiona ngati mkazi woyendayenda, zimenezo sindikanalola.

"Undipatse mpaka mawa, mwananga," ndinamuuza. "Mawa uwadziwa amayi ako."

6

Ndinafika msanga, ndekha. Iwo anafika 8 koloko yeniyeni. Ahedi anali atavala nsapato zazitali zimene zinkazama mu udzu, foni ili m'manja yokonzeka kujambula wakuba.

Mdala wa Mbendera anadzuka pa benchi yake. "Kaudzu, lero wabwera ndi alendo?"

"Kaudzu ndiye ndani?" anafunsa amuna anga, maso ali uku ndi uku. "Ndi dzina lake limenelo? Ali kuti?"

"Tsegulani pulogalamu ija pa foni yanu, bambo, muigwire bwino," ndinatero. "Akubwera."

Ndinakhala pa benchi, ndinavula nsapato zanga n'kuvala zokhala ndi timano kunsi. Ndinavala gulovu kudzanja lamanzere. Ndinasolola dalaiva m'chikwama, ndinazika kamtengo pansi n'kukhazikapo mpira. Ndinayang'ana mtengo wautali wa kumapeto umene ndakhala ndikuulunjika kuyambira ndili ndi zaka 12, ndinapuma, n'kumenya.

Mpira womenyedwa bwino uli ndi kulira kwake, ndipo amuna anga anakumva kulirako asanauone mpirawo. Unakwera, unawongoka, unakagwa pakati penipeni n'kugubuduka. Foni inalira m'manja mwawo. Iwo anangoiyang'ana kukamwa kuli yasa, koma Ahedi anasuzumira n'kuwerenga mokweza monga mwa chizolowezi chawo: "Dalaiva, mamita 207."

"Munthu wa Lachitatu ndi ameneyu," ndinatero. "Mupatseni moni."

"Mwayi chabe uwo," anatero Ahedi. "Menyaninso."

Ndinamenyanso, foni inati 203. Pamene ndinkaika mpira wachitatu, Ahedi anali atalowetsa foni yawo m'chikwama.

Kenako ndinawalozera kanyumba ka malata ka kuseri kwa dzenje la 9, kamene pano amasungiramo feteleza.

"Ndinabadwira mmenemuja," ndinatero. "Bambo anga anatchetcha udzu wa bwalo lino zaka 31. Mbuli zija mumazinena Loweruka lililonse, imodzi inali bambo anga. Ine ndinayamba kunyamula zikwama za mabwana ndili ndi zaka 12. M'mamawa mabwana asanafike, bambo ankandiphunzitsa ndi ndodo yothyoka imene anaivuula m'dziwe n'kuilumikiza ndi waya. Anthu a pano ankanditcha Kaudzu."

"Ali ndi zaka 19 ankawagonjetsa onse," anathirira ndemanga mdala uja. "Kungoti mwana wa wantchito sankaloledwa pa mpikisano."

"Unandiuza kuti bambo ako anali a zaulimi," anatero amuna anga. Mawu awo anali atatha mphamvu.

"Ndinanama. Tsiku loyamba limene munanditengera kwanu, alamu angawa anandifunsa atakweza mphuno kuti, 'Ndinu mwana wa ndani?' Bambo anali atamwalira kale, ndiye ndinawaika m'manda kachiwiri kuti mundikwatire."

7

Ahedi anapita kukadikira m'galimoto, akuti dzuwa likuwapweteka mutu. Mdala uja anachokapo mwaulemu. Tinatsala awiri pa benchi.

Ndinene zoona, ndinkayembekezera mawu oti pepani. Ndinali nditakonzeka kuwalandira, ndiponso kupepesa bodza langa. Mtima wina unali utayamba kale kulota tikusewera limodzi Loweruka, ine ndikuwaonetsa mmene angatulukire mumchenga.

Anatembenuzatembenuza foni m'manja.

"Nkhaniyi ithere pompano," anatero potsiriza. "Wina asamve. Anzanga akudziwa kuti 79 ija ndi yanga. Ndili mu timu."

"Nanga mpikisano ukafika mudzamenya bwanji?"

"Ndidzati ndavulala dzanja."

"Nanga za chibwenzi zimene alamu afalitsa?"

"Zimenezo zizirala zokha. Tidzangoti tinakambirana, ndinakukhululukirani."

Anali atabwerera ku inu, koma inuyo anandiwawa kuposa iwe uja.

"Ndiye kuti inu mukhale katswiri wa mtima wabwino, ine hule wokhululukidwa? Pamaso pa mwana wanga?"

"Simukumvetsa, mayi." Anapukuta thukuta pamphumi. "Bola akanakhala mwamuna. Mwamuna ndikanadziwa chochita naye, ndipo anthu akanandimvera chisoni. Koma mkazi wanga yemwe, mwana wa wotchetcha, kundiposa ndi maulendo 29? Ndikalowa bwanji mu kalabu muja?"

Mawu amenewo ndi amene anathetsa banja lathu, osati kabokosi. Munthu amene ndinamuphikira zaka 24 anaika mbiri yanga mbali ino, nambala yabodza mbali inayo, n'kusankha nambala.

Ndinatulutsa foni yanga. Paja mawu achinsinsi ndinkasunga ndine. Ndinatsegula pulogalamu ija, ndinachotsa chithunzi chawo, n'kudzijambula pomwepo nditanyamula dalaiva, tsitsi lili nyankhalala. Pamalo a dzina ndinafufuta lawo.

"Mukutani?" anafunsa.

"Ndikukonza cholakwika. Paja munati kachinthuka n'kabodza."

Ndinalemba kuti: Kaudzu, mwana wa wotchetcha. Pansi pake ndinaonjezera kuti zotsatira za Lachitatu zonse ndi zanga, za Loweruka ndi za amuna anga. Ndinatumiza koyamba kwa mwana wanga, kenako pa gulu la banja, kenako ndinadina batani loti anzawo onse a ku kalabu aone. Tisanafike poimika magalimoto foni yawo inali itayamba kulira, ndipo sinasiye.

8

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Sanandithamangitse, ndinalongedza ndekha. Ndikukhala m'nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi njanji, sitima ikamadutsa makapu amavina pa shelefu. Ndinabwerera ku ntchito ya ulembi. Ndodo zawo ndinazisiya mu galaja nditazipukuta zonse. Timabatani ndi kabokosi anamasula okha n'kunditumizira mu envelopu yopanda kalata, ndipo ndinazimanga pa ndodo zakale zimene mdala uja anandisonkhanitsira. Ndamva kuti ku kalabu sapitanso. Sindikondwa nazo. Munthu uja gofu ankaikonda, kungoti ankakonda kwambiri kuoneka woidziwa. Pali masiku amene ndimawasowa, ndipo sindichita manyazi kunena.

A Dokotala anandiimbira foni, akuti timu inkafuna munthu womenya 79, dzina sanatchule. Ndinawathokoza n'kukana. Ine ndimasewerera bwalo la bambo anga. Ahedi nawo mpaka lero amauza anthu kuti dalaiva analipo ndithu.

Inu owerenga, ena mwa inu mwayamba kale kunena kuti mkazi wanzeru akanangokhala chete, banja n'kupirira, nanga kampira n'chiyani. Ndakumvani. Ndinapirira zaka 24, kulemera kwake ndikukudziwa kuposa inu. Banja sindinalisiye chifukwa cha kampira. Ndinakana kuvala dzina loipa kuti munthu wina avale nambala yabwino, ndipo atandibwezera pa benchi paja lero, batani lija ndingalidinenso.

Koma musandiyese woyera. Kusakhulupirika ndinakuchita ndithu, kungoti amene ndinawachimwira si amuna anga. Ndi bambo aja a manja okhakhala, amene ankalawirira kukakonza udzu woti mabwana aziwatukwanira. Ine mwana wawo ndinakhala pa tebulo zaka zonsezo ndikumva anthu a ntchito yawo akunenedwa mbuli, n'kumayankha kuti, "Pepani, bambo." Ngati nanunso muli naye wanu amene munamubisa kuti mulowe pakhomo pa anthu, kamutengeni nokha, musadikire kuti kabokosi kakuululeni.

Mwezi watha mwana wanga anabwera ku tchuthi. Ndinapita naye kuseri kwa dzenje la 9. Anaima pakhomo pa kanyumba kaja nthawi yaitali, fungo la feteleza lili guu, kenako anavula nsapato n'kuponda udzu.

"Agogo ndi amene anadzala uwu?"

"Ndi manja awo."

"Ndiye ndibwerekeni ndodo imodzi, amayi. Pa foni yanupo pali malo a dzina lina?"

Analemba yekha: mdzukulu wa wotchetcha. Mpira wake woyamba unapita mamita 40 n'kukagwera mumchenga, paja ndi mwana wa bambo akenso. Kabokosi kanalemba mmene zinalili, ndipo palibe amene anati n'kabodza.